Foni Atenge, Mawu a Bambo Ako Sawapeza

Mwana wanga Asiyatu,

Asalamu alaikum. Kalata iyi usaitsegule pakhomo pano. Uiwerenge basi ikawoloka mlatho wa Chia, anthu okubayibitsa atatsala kumbuyo. Ndalemba chifukwa ndikamakuuza pakamwa umangoti "ndamva, mayi, ndamva," maso ali kwina, komanso mawa pano padzaza anthu odzatsanzikana nawe, ena mwa iwo ongobwera kudzaona ngati ukupitadi. Panopa wapita ku Boma pa kabaza kukakonza zija za nambala. Ine ndili pakhonde, ndikulondera mpunga umene ndayanika. Ukaona zilembo zakhota, dziwa kuti ndimadzuka kukaingitsa nkhuku za eni, si misozi ayi. Misozi ndinaimaliza chaka chatha.

Malangizo a kavalidwe, a swala ndi a anyamata akupatsa kale azakhali ako onse mpaka makutu kuwawa, ine sindibwerezanso. Nkhani yanga ndi imodzi: mawu a bambo ako, ndi malo amene tawasungitsa.

Zina ukuzidziwa, koma zina sunazione chifukwa unali ku sukulu yogonera komweko, ukulemba mayeso a Fomu 4. Bambo ako atamwalira ndinalowa eda, monga chipembedzo chathu chimanenera, kuti mkazi wamasiye akhale pakhomo miyezi yake osayendayenda. Eda sindikuinyoza, ndinaisunga ndi mtima wanga wonse. Koma bambo ako aakulu, a Jafali, anaona kuti nthawi yabwino yokolola ndi yomweyo. Ndili m'nyumba ndinamva injini ya boti ikukwezedwa pangolo. Ndinamva chilimira chathu, ukonde uja unatidyetsa zaka zonse, chikukokedwa kuseri. Ashehe anabwera, anawakhazika pansi nkuwauza kuti gawo la mkazi ndi la mwana wamkazi linalembedwa kale m'Buku, palibe angalifufute. A Jafali anangoti, "Zoona, Ashehe, zoona zenizeni." Mawa lake anabwera kudzatenga nyali zausodzi ndi zigubu za petulo. Foni yokha ndiyo ndinaikwirira m'thumba la mpunga wosapuntha, ndipo atafunsa ndinangowayang'ana.

Foni yake yotani nanga, yosweka galasi, batire yomangidwa ndi kalabala. Sindinaibise kuti ndi chuma. Ukudziwa bambo ako sankakonda kulemba, ankati zala zawo n'zokokera zingwe, timabatani timawathawa. Chilichonse ankalankhula. M'menemo muli mavoisi awo akukangana ndi ogula usipa a ku Lilongwe, akudzutsa alovi awo, anyamata a pa boti, kuti mwera watsika tiyeni, akuimba kaswida molakwitsa ngati kale. Muli ndi uthenga uja anakujambulira ali m'chipatala, pamene ine ndi iwo tinagwirizana kuti tisakuuze za matenda mpaka umalize mayeso. Chithunzi cha munthu umatha kuchipachika pakhoma, koma mawu ulibe pomwe ungawapachike, ndiye n'chifukwa chake ndinaumirira.

Tsiku la Idi a Jafali anakuona uli nayo m'manja, basi nkhani inadzuka. Anaitanitsa abale, anakhala pansi pa mango paja ngati bwalo lamilandu, nkuti foniyo ndi ya banja chifukwa ogula nsomba amaimba nambala imeneyo, ndipo mwini boti tsopano ndi iwo. Ndinawafunsa kuti nanga zam'katimo? Anati, "Ndikaifomatitsa, zonse zichoke, izithamanga bwino." Ndinati, "Alamu, m'menemo muli mawu a mng'ono wanu." Anandiyankha anthu onse akumva kuti, "Wakufa salankhula, Make Asiyatu. Mukungodzizunza." Kenako anakulozera iwe ndi chibwano. Ati mtsikana ku yunivesite n'kutaya nthawi, mvula yoyamba isanagwe ubwera wekha, chikwama kumutu, mwana kumimba, pamene munthu wa golosale uja wa ku Dwangwa akudikira kukukwatira ndi ulemu wake wonse. Iwe unalira. Ine sindinalire, ndinangowauza kuti foni atenga tsiku limene iwe ukwere basi, osati lisanafike. Tsiku lake ndi mawa.

Alhamdulillah, Mulungu sagona. Sabata yomweyo a ku yunivesite anatumiza uthenga wawo wa ophunzira atsopano, wonena kuti aliyense wapatsidwa imelo yake ndi malo ake osungira zinthu pa intaneti. Unandiwerengera ukuseka, nkuti pachizungu malowo amawatcha mtambo. Ine ndinati mtambo ndi wa mvula, ife tiziti nkhokwe. Nkhokwe ya sukulu, chipinda chako, kiyi wako. Unati ukatsegula ukafika, uli ndi nthawi yambiri. Ndinakuuza kuti nthawi ili ndi iwe, foni ilibe. N'chifukwa chake ndinasiya malonda anga a mpunga pamsewu nkukuperekeza kwa Madamu aja anakuphunzitsa sayansi, amene anatibwereka laputopu yawo ndi netiweki yawo kuti tikweze mavoisi aja m'nkhokwemo.

Tsono tamvera, pakuti ine za makompyuta sindizidziwa, koma za kusungitsa katundu kwa anthu ndinaziphunzira ndi thupi langa.

Chaka chimene unayamba kuyenda ndinasungitsa mbewu yanga ya mpunga wa kilombero kwa mayi wina wa ku Malengachanzi, chifukwa denga lathu linkadontha. Thumba ndinasoka ndekha, ndinalinyamula ndekha, ndinaliona likulowa m'chipinda chawo. Miyezi yonse ndikadutsa ndinkangosuzumira pakhomo, ndikuona thumba lili chilili, mtima pansi. Nthawi yofesa nazale itakwana ndinakalitenga, kumasula chonchi, anankafumbwe okhaokha, mbewu yasanduka ufa. Mayiwo sanabe kanthu. Thumba linalipo, mbewu munalibe, ndipo ine sindinapiseko dzanja ngakhale kamodzi. N'chifukwa chake tsiku lija, iwe utanena kuti "mayi, zakwera zonse, onani mayina ake awa," ndinakana kudzuka pampando. Ndinakuuza kuti uzimitse foni, ndinaiika m'chikwama changa, nkuti tsopano tsegula pa makina a Madamu timve. Unapsa mtima, unati ndikukuchititsa manyazi. Kenako bambo ako anatsokomola m'laputopu ya eni, nkuyamba kukalipira munthu wa ku Lilongwe kuti usipa wawo si wa bwerekabwereka. Madamu anatuluka panja kutisiya awiri. Ndipo paja tinapeza kuti mavoisi angapo anali asanamalize kukwera netiweki itadukiza, mayina alipo koma osalira. Tikanangodzuka, amenewo akanapita ndi a Jafali. Ndiye ukaika chinthu m'nkhokwemo, kaya ndi mawu a bambo ako kaya ndi ntchito ya m'kalasi, usakhutire ndi kuona dzina lake. Chitsegule, uchione, uchimve. Wamva, Asiyatu? Uzipisa dzanja m'thumba.

Za kiyi ndiye ndikufuna uwerenge kawiri. Tsiku lija makina anafunsa nambala ya foni yoti azitumizako timanambala totsegulira, kuti munthu wina akaba pasiwedi asalowebe. Iwe osaganiza unalemba nambala ya bambo ako. Sindikukunena, ndi nambala yokhayo imene unailoweza chibadwire, ngakhale ine ndikanalemba yomweyo. Timanambala tinabwera, chitseko chinatseguka, tinabwerera kunyumba tikusangalala ngati tapambana mlandu. Dzulo a Jafali anadutsa pano kudzandikumbutsa za mawa, nkuwonjezera kuti, "Simu khadi musachotse, ndi imeneyo ndikuifuna kwenikweni." Mwana wanga, apo mpamene ndinazindikira. Ndiye kuti tinamanga nkhokwe yolimba, nkukasiya kiyi m'thumba la munthu yemweyo tikumuthawa. Iwo kulowamo mwina sakanadziwa, koma iwe tsiku loiwala pasiwedi ukanagwada pamaso pawo kupempha kuti akuwerengere timanambala. Ine mwana wanga kugwadira a Jafali kuti amve mawu a bambo ake? Ndikanalola kufa. N'chifukwa chake ndakuthamangitsira ku Boma dzuwa lonseli, kuti ukalembetse simu khadi m'dzina lako ndi chiphaso chako, uike m'kafoni ka mabatani kaja akupatsa amalume ako, nkusintha nambalayo foni ya bambo ako ikadali m'manja mwathu. Ukabwera ndikufunsa, ndipo sindikhutira mpaka ndione timanambala tikulowa m'kafoni kako ndi maso angawa.

Nambala imeneyo uisamale kuposa ndolo. Usaibwereketse, usaisiye miyezi osaigwiritsa ntchito mpaka aitseke. Ikatayika, kaibwezeretse msanga usanachite china chilichonse.

Pasiwedi nayonso. Kwathu kuno kukaniza munthu kiyi amati ndi mwano, ukudziwa. Nditangokwatiwa ndinali ndi sutikesi yanga yachitsulo, mphatso ya mayi anga. Akazi a a Jafali, mayi ako aakulu, anati ndiwasiyire kiyi wina, mwina moto, mwina ngozi, si paja ndife amodzi. Ndinachita manyazi kukana, ndinali mtengwa watsopano, wofuna kuti azinditama kuti ndi waulemu. Ukwati woyamba umene tinapita pamodzi ndinaona nsalu yanga ili m'chiuno mwawo, ndipo ndinayenera kuwayamikira kuti yawakhala. Kuyambira pamenepo ndinasankha kuti bola azinditcha wamwano. Iwenso akutcha wamwano, usadandaule, ndi mbiri ya pakhomo pano. Mnzako wogona naye chipinda chimodzi adzati ndibwereke ndisungeko zanga, zanga zadzaza. Umuuze kuti ali ndi chipinda chake. Mnyamata wina wa mawu okoma adzati ngati umandikonda bwanji ukundibisira. Umuuze kuti mayi anga amandikonda kuposa iwe koma sakuidziwa. Ndipo ndi zoona, sindikuidziwa, ndinatembenuka dala pamene unkailemba. Usandiuze. Anthu awa amadziwa kufinya munthu, ndipo chimene sindikuchidziwa sangandifinye nacho. Madamu anatichenjezanso kuti ukalandira uthenga wonena kuti ndife a ofesi, tumizani pasiwedi yanu msanga tisanakutsekereni, ameneyo ndi wakuba, a ofesi enieni safunsa zimenezo. Ukamaliza pa makompyuta a ku laibulale uzituluka bwinobwino, osangodzuka nkusiya chitseko pululu. Komanso ndikhulupirira sunaike dzina la boti lathu ngati pasiwedi, pakuti limenelo ngakhale ana a pagombe amalidziwa.

Pali chinanso chinandipweteka, ndipo mpaka lero ndikachikumbuka ndimaluma mano. Zithunzi zako zonse za ubwana, tsiku lokupatsa dzina, tsiku loyamba ku madrasa utavala hijabu yokukulira, zinali pa memori imodzi yaing'ono ngati chikhadabo. Ndinapita nayo kwa obena nyimbo pa msika kuti andiwonjezeremo makaswida awiri. Munthuyo anali pa changu, anthu ali pamzere, anangoifomata nkundidzazira nyimbo zachikunja zoti sindinazipemphe. Nditabwerera kukamufunsa anati, "Mayi, simunanene kuti muli zithunzi." Ndinakalipa mpaka msika wonse unasonkhana, koma kukalipa sikunabweze nkhope yako ya miyezi itatu. Bambo ako anandiseka sabata yathunthu, kenako ndinawapeza kuseri akupukuta m'maso. Ndiye ndikuti, chinthu chokhala malo amodzi si chosungidwa, chikungodikira tsiku lake. Kuyambira mawa mawu a bambo ako akhala malo amodzi basi, ndipo zimenezi zikundisowetsa mtendere. Tsiku limene udzapeze laputopu yako, kapena foni yeniyeni, chinthu choyamba si kujambula zithunzi ndi anzako. Utsitse mavoisi onse, akhale kuwiri. Ntchito zako za sukulu nazonso chimodzimodzi. Ukamalemba uzilembera m'nkhokwemo, kuti magetsi akathima kapena kafulashi kakatayika usadzandiimbire ukulira kuti ntchito ya mwezi wonse yapita. Ine ndidzakuyankha kuti ndinakuuza, ndipo ukudziwa kuti ndidzaterodi.

Unandionetsanso kuti m'menemo munthu amatha kutsegulira mnzake zenera kuti aone chinthu chimodzi, ndipo amasankha ngati mnzakeyo azingoona kapena azithanso kusintha ndi kufufuta. Pamenepo ndiye uzichedwa, usamadine mothamanga. Ukudziwa kangodya kaja ka munda wathu wa kudambo, kumene kuli nthochi? Ndinabwereka mnansi wathu kuti afeseko nazale chaka chimodzi chokha. Chaka chachiwiri anawokeramo mpunga, chachitatu anakweza mzere wa malire, lero ana ake amati ndi munda wa agogo awo. Ndinamupatsa khasu pamene ankafunika kungoona ndi maso. Ntchito ya pagulu mugawane, inde, sukulu ndi kuthandizana, usakhale wouma mtima. Koma tsegula chokhacho chimene chikufunika, kwa munthu amene ukumudziwa dzina, ndipo ntchito ikatha utseke. Foda ya bambo ako isatsegulidwe kwa aliyense kuti asinthe. Azakhali ako akadzafuna kumva mlongo wawo, uwamvetsere, ndi ufulu wawo. Ngakhale a Jafali amene, tsiku lina mtima ukadzawagwira usiku nkufuna kumva mng'ono wawo, adzapemphe, ndipo udzawamvetsere ndi ulemu wonse. Koma adzamva iwe utagwira, iwo manja ali pamaondo.

Usaiwale kuti nkhokweyo ndi ya eni. Tangosungitsamo, sitinagule. Ili ndi malamulo ake, ndipo uwawerenge onse, osangodina kuti ndavomera ngati mmene umavomerera ine. Ndinawafunsa Madamu ngati a sukulu sangakwiye kuti taikamo zapakhomo, anati mavoisi ndi opepuka, satenga malo ambiri, koma ukafika ukafunse ku ofesi yoona za makompyuta kuti mtima ukhale m'malo. Ukafunsedi. Kufunsa si umbuli, ndipo usaope kuti akuseka kuti wachokera kunyanja. Akakuuza kuti zapakhomo n'zosaloledwa, usachotse kanthu usanapeze kwina kokaika. Usadzazemo mafilimu ndi nyimbo mpaka ntchito ya m'kalasi kusowa pokhala. Ndipo usaikemo chinthu chimene sungafune kuti chituluke, kaya chithunzi kaya chiyani. Bambo ako ali m'menemo, uzichita manyazi.

Tsopano ndifike pa mzere umene iwe unauwerenga mothamanga, ine nkukuuza kuti bwereza. Uthenga uja unati munthu akasiya kukhala wophunzira, kaya wamaliza kaya wachoka, malo akewo amatsekedwa pakapita nthawi, ndipo zotsala m'katimo zimafufutidwa. Iwe unati zimenezo n'zakutsogolo. Ine ndinagona nazo.

Ndikudziwa zimene zikubwera, Asiyatu, sindine mwana. Padzakhala masiku oti wagona ndi njala, sopo watha, anzako akulankhula chizungu chothamanga, iwe ukudziona ngati wasochera. Mayeso ena udzalakwa. Tsiku lomwelo foni idzalira, adzakhala mayi ako aakulu ndi mawu ofewa, akuti bwera mwana, wavutika mokwanira, munthu wa ku Dwangwa uja akadali ndi mtima womwewo. Mwinanso adzakuuza kuti mayi ako akudwala, akusowa wowatungira madzi. Ndikukuuziratu lero ndi dzanja langa: ndikadzadwala ndidzakuuza ndekha, ndipo ngakhale nditadwaladi, usabwere ndi katundu yense. Madzi ndakhala ndikutunga iwe usanabadwe. Bambo ako anagona m'chipatala muja akumva ululu woti mwamuna wamkulu kuluma pilo, koma anakana kuti tikuitane, kuti pepala limodzi lokha la mayeso lisakudutse. Zimene anakuuza mu uthenga uja sindizilemba pano, uli nazo, ukamvere wekha tsiku limene mtima wafooka.

Sindikukuopseza kuti ukasiya sukulu wapha bambo ako kachiwiri, ayi, Mulungu andikhululuke, mawuwo ukhoza kuwatsitsa nkubwera nawo. Koma ubwera nawo kuti? M'nyumba ya munthu amene adzafune pasiwedi tsiku loyamba? Pakhomo pano, pamene anthu amanyamula injini mkazi wamasiye akumva? Ine ndayang'ana dziko lonse limene ndikulidziwa, kuyambira ku Dwangwa mpaka ku Benga, ndipo malo okhawo amene dzanja la a Jafali silifika ndi kumene ukupitako. Dzina lako ndi limene latsegula chitseko chimenecho, osati la mwamuna, osati la banja. Boti anatenga chifukwa ati mkazi sapita panyanja. Chilimira anatenga chifukwa ati mwana wamkazi alibe nacho ntchito. Chabwino. Ichi chokha chalembedwa Asiyatu, ndipo chikhala chako masiku onse amene ukhale pa sukulupo. Ukhale mpaka umalize. Chaka chomaliza, usanavale mkanjo wa omaliza maphunziro uja, udzasamutse bambo ako ndi manja ako, udzawaike pamalo amene walipira wekha. Usadzadikire tsiku lotseka.

Mawa basi ikanyamuka ndibwerera kunyumba, ndiyala mkeka, ndiwadikira a Jafali. Foni ndiipukuta bwinobwino, ndiwapatsa ndi manja awiri, nditagwada monga mwa mwambo, tchaja chomwe ndiwapatsa. Asadzati mkazi wa mng'ono wawo analibe ulemu. Akaifomate, izithamanga mmene akufunira. Ndikufuna ndidzawaone nkhope akamaiika m'thumba akuganiza kuti atenga chomaliza. Sindiwauza kanthu. Ndiwafunsa ngati amwa tiyi.

Mvula yoyamba ija anakuwerengera idzagwa, ine ndidzakhala kudambo ndikufesa nazale, iwe udzakhala m'kalasi. Yachiwiri chimodzimodzi. Azidzawerenga mvula mpaka zala zithe.

Chatsala ndi chimodzi, ndipo ichi si langizo, ndi pempho. Pakamwa sindikanatha kukuuza. Kuyambira mawa ine ndilibe pomvera. Kafoni kanga n'koimbira ndi kuunikira basi. Miyezi yonseyi, iwe ukapita kumjigo, ndinkatenga foni ija nkutsegula voisi imodzi yokha, yomweyomweyo. Si ya kuchipatala ija, imene ija ndi yako. Yanga ndi ya Lachiwiri wamba, bambo ako akutsutsana mtengo ndi wogula nsomba, ali pakhonde pomwe ndakhala pano. Pakati pa nkhani amadukiza nkufuula kuti, "Halima! Iwe Halima, mvula! Mpunga wako uja!" Kenako kumamveka ine ndikuthamanga, beseni likugwa, iwo akuseka, nkubwerera ku mtengo wa usipa ngati palibe chachitika. Ndinakuuza kuti uilembe dzina loti "mpunga" ndipo unandiyang'ana modabwa. Ndi imeneyo.

Dziko lonse limanditcha Make Asiyatu, ndipo ndimanyadira. Mayi anga anapita, bambo anga anapita. Munthu womaliza amene ankanditchula dzina langa lenileni ndi amene wanyamulayo.

Ndiye Lachisanu, anthu akatuluka ku mzikiti, ukapeze kompyuta ya pakona ku laibulale, kapena ubwereke ya mnzako, utsegule nkhokwe yako ndi kiyi wako. Undiimbire. Moni tidzapatsana pambuyo, za sukulu udzandiuza pambuyo. Poyamba ugunditse kafoni kako pa sipika, iwe ukhale chete, ine ndikhale chete, bambo ako andiuze kuti ndikaanule mpunga.

Apo ndikuona kabaza wakhota pa mango, ndiwe. Ndipinde pepalali usanandione. Mulungu akutsogolere, akusunge, akubweze ndi chimene wapitira.

Ndine mayi ako,
Halima